MLENDO WA KU MCHINJI APEZA NSIMA YA KWAO M'KOMBONI YA KALINGALINGA

LUSAKA: Munthu akatsika basi pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi, dzuwa litapendeka, cinthu coyamba kumgwira si mbala kapena wapolisi monga momwe anthu akumudzi amaopsezerana, koma njala. Kucokera ku Chipata kufika kuno pali mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo iye amene anakwera mbandakuca amafika m'mimba muli nthoci ziwiri za pa Nyimba, mwina ndi kansomba ka pa mlatho wa Luangwa ngati thumba linalola.

Zotere zinaonekera bambo wina wa ku Mchinji, m'dziko la Malawi, mlimi wa nshawa ndi fodya wa zaka zoposa 50, amene anafika mu Lusaka kwa nthawi yoyamba m'mwezi wozizira wa June. Kwa iye Chipata si dziko lacilendo ai. Anthu a m'malire amaoloka pa Mwami monga aoloka dambo popita kwa mnansi. Amalira maliro tsidya lino ndi tsidya lija, amakwatirana, ndipo kumapeto kwa August amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, pamene Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amakagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kuyambira mu December 2022 ngakhale zidindo za maiko awiriwa zimadindidwa pa malo amodzi. Koma Lusaka ndi nkhani ina.

Ulendo wake sunali wa malonda. Mkulu wake anacoka pamudzi masiku amene mabasi a UBZ anali kuyendabe, kampani imene inatha mu 1995, nasanduka mchona. Kwa zaka zambiri kunali zii, kufikira pamene mau anafika kudzera mwa munthu wa pa Chipata akuti mkuluyo ali kudwala ndipo alibe womsamala. Mbumba inakhala pansi nigwirizana kuti wina apite akamtenge, pakuti mwini mbumba sayenera kuikidwa ku manda a Chingwere pakati pa anthu osamdziwa pamene manda a makolo ake alipo. Anasonkherana ndalama zokwanira ulendo wopita wa munthu mmodzi ndi wobwera wa anthu awiri, osapitirira apo. Anampatsanso kathumba ka nshawa zosenda kuti kakhale mphatso, ndi kapepala kolembedwa dzina la mkuluyo pamodzi ndi mau owerengeka: Kalingalinga, kufupi ndi msika.

Foni yake inatha moto basi isanafike pa Kacholola. Cimene iye sanadziwe ndi cakuti basiyo inadutsa pafupi ndi Kalingalinga isanalowe m'tauni, pakuti komboniyo ili kuseri kwa University of Zambia, imene ili m'mbali mwa mseu womwewo wa Great East. Motero anabwerera m'mbuyo pa minibasi, atakokedwa uku ndi uku ndi anyamata oitanira okwera amene kuno amachedwa angwangwazi, natsika mu mseu wa Alick Nkhata. Mseu umenewu unachulidwa dzina la woimba ndi woulutsa mau pa wailesi uja amene anaphedwa kufupi ndi Mkushi mu 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira kumeneko.

DZINA LA KUMUDZI SILIYENDA M'TAUNI

M'mbali mwa mseuwo muli amisiri a zitsulo oocherera zitseko, mafelemu a mazenera ndi mageti, ndiponso akalipentala oimika makama ndi mipando poyera kuti odutsa pa galimoto aone. Kuseri kwao kuli tinjira tating'ono tambiri tofanana, ndipo mlendo akalowamo kawiri katatu sadziwanso kumene kuli kum'mawa.

Bamboyo anafunsa wogulitsa matimati, anafunsa mnyamata wokonza njinga, anafunsa amai amene anali kucokera ku chalichi. Onse anamyankha mwaulemu, koma dzina la pa kapepala palibe analidziwa. Ici sicodabwitsa. M'komboni munthu sadziwika ndi dzina limene anapatsidwa kumudzi. Amadziwika ndi nchito yake, ndi dzina la mwana wake, kapena ndi dzina locemerera limene anzake anampatsa pa mowa. Ndipo mfunda wa Phiri kapena Banda suthandiza kanthu m'dera limene nyumba zambirimbiri muli a Phiri ndi a Banda.

Pofika 18 koloko mdima unayamba kugwa ndipo mphepo ya June inalowa m'jekete. Sanadye nsima kuyambira dzulo lake. M'tauni anaona nyumba zodyera za magalasi mmene anthu amadya nkhuku yokazinga ndi machipisi, koma atawerenga mitengo pa khoma anaona kuti mbale imodzi ingadye mbali ya ndalama zobwerera mkulu wake. Anali nawonso mantha ena. Akumudzi anamlangiza kuti asadye ciliconse ca m'komboni cifukwa ca kolera, imene anamva mbiri yake pa wailesi.

Cimene cinamuimitsa linali fungo la nkhwani wotendera, fungo la pa khonde la amai ake nthawi ya madzulo. Analitsata nafika pa kanyumba ka cipinda cimodzi, ka mabuloko ndi denga la malata, pakhomo atapacika citenje m'malo mwa citseko. Panja panali mbaula ziwiri zofiira ndi moto, ndipo mai wina wa thupi ndithu anali kuvundula nsima mumphika waukulu ndi manja awiri. M'kati munali matebulo awiri ndi mabenchi, ndi amuna anai amene anali kudya mwakacetecete.

"Odi kuno, mai."

"Lowani, atate. Mwacoma bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

Maiyo anaseka, nanena kuti kuswerako kwamuulula, ameneyu ndi wa ku Malawi. Pamene mlendo anapempha madzi, iye anaitana kamtsikana ka m'kati nati, "Leta manzi, atate asambe."

Maiyo anali Mnsenga wa ku Petauke amene anakhala mu Lusaka zaka zambiri. Cinyanja ca mu mzinda uno cili ndi Cinsenga cambiri, Cibemba ndi Cingerezi, kotero kuti Mcewa wa kumudzi amamva zonse koma makutu ake amayabwa. Madzi ndi manzi, ufa ndi unga, makala ndi malasha, mtedza ndi nshawa. Pamene maiyo anavundukula miphika nayamba kuchula ndiwo, mlendo anangoti kukamwa yasa, pakuti maina ambiri sanawamvepo. Koma atasuzumira mumphika uliwonse anapeza kuti zonse anazidziwa kuyambira ali mwana. Cibwabwa ndi nkhwani. Kalembula ndi kholowa. Katapa ndi cigwada, bondwe ndi bonongwe, delele ndi therere. Ifisashi, dzina limene linadza ndi Ababemba, ndi ndiwo zotendera basi. Vimbombo, zimene amuna anai aja anali kupwepweta mafupa ake, ndi mang'ina a ng'ombe. Ababemba omwewo ali ndi mwambi wonena kuti mwana wosayenda amayesa amai ake okha ndiwo adziwa kuphika. Mlendoyu anayenda, koma anapeza kuti amai a eni ake amaphika monga amai ake, maina okha ndiwo asiyana.

Anasankha cibwabwa cotendera ndi kapenta. Kapentayo anaifanizira ndi usipa wa ku nyanja ya kwao, ngakhale kuti kukoma kwake ndi kwina. Maiyo anamfotokozera kuti ilipo ya mitundu iwiri imene ogula amaisiyanitsa bwino lomwe: ya ku Mpulungu, ya ku nyanja ya Tanganyika, ndi ya ku Siavonga, ya ku Kariba. Kunena zoona ziwirizi ndi pacibale, pakuti m'Kariba munalibe kapenta kufikira pamene inatengedwa ku Tanganyika niikidwamo mu 1967 ndi 1968. Lero kansomba kameneka ndiko kamasunga mabanja osawerengeka a m'makomboni pakati pa mwezi, nyama ikakhala yosafikirika.

Nsima yokha ndiyo inamdabwitsa pang'ono. Kwao mkazi amakonola cimanga, nacibviika, nacianika, kenaka napita naco ku cigayo kuti apeze ufa woyera. Mu Lusaka unga umagulidwa m'matumba a makilogalamu 25 ocokera ku zigayo zazikulu, ndipo ulipo wa bulekifasiti, woyera ndi wosalala, ndi wa rola, wofanana ndi mgaiwa, umene uli wotsikirapo mtengo. Maiyo amaphika wa bulekifasiti cifukwa ogula amaufuna, ngakhale kuti a zaumoyo amanena kuti wa rola ndiwo umanga thupi koposa.

Awerengi acikulire akumbukira kuti unga umenewu si cinthu coseweretsa m'dziko lino. Mu December 1986, pamene mtengo wa bulekifasiti unakwezedwa, ku Copperbelt kunabuka cipolowe ndipo anthu anafa. Mu 1989 Boma linayamba kugawa makuponi ogulira unga. Mu June 1990 mtengo unakweranso kowirikiza, ndipo cipolowe cinayambira pa ophunzira a pa yunivesite, pafupi ndi Kalingalinga pomwepa, nicifalikira m'makomboni ndi m'tauni. Anthu oposa 20 anataya miyoyo. Mu October 1991 dziko linacita masankho a zipani zambiri ndipo ulamuliro unasintha. Mtanda wa nsima umene unaikidwa pamaso pa mlendo wa ku Mchinji uli ndi mbiri yotero kumbuyo kwake.

MADZI OSAMBA M'MANJA

Asanatenge mbamu yoyamba, bamboyo anayang'ana bwino mmene kamtsikana kanamsambitsira. Sikanabwere ndi beseni la madzi losambamo onse monga ticitira kumudzi, pamene wamkulu ayamba ndipo mwana atsiriza ndi madzi akuda. Kanamthirira madzi ocokera m'jagi, iye nasamba ndi sopo, otsikawo nagwera m'beseni lopanda kanthu. Madzi akumwa anali m'cigubu cotseka ndipo anali kununkhira mankhwala a klorini. Ndiwo zonse zinali zovundikira, ndipo nsima inacokera pa moto nthunzi ili tolotolo.

Mantha a akumudzi aja sanali opanda pake. Kolera imene inayamba mu October 2017 inagwira anthu pafupifupi 6,000 nipha oposa 100, ambiri a iwo mu Lusaka, ndipo komboni ya Kanyama inali pakati pa malo amene anavutika koposa. Kumapeto kwa December 2017 ndi mu January 2018 Boma linaletsa malonda a m'miseu, linatseka misika ina, linatuma asilikali kukayeretsa tauni, ndipo ku Kanyama anthu analetsedwa kuyenda usiku. Imene inayamba mu October 2023 inali yoopsa kopambana: inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo sukulu sizinatsegulidwe kufikira mu February 2024.

Gwero la vutoli lili pansi pa nthaka. Mbali yaikulu ya Lusaka, makamaka Kanyama ndi George, yakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mphako. Mvula ikaculuka madzi sapita kutali, amadzaza zimbudzi zokumba, ndipo zonyansa zimayenda m'ming'alumo kukalowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungamo. Cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978, cimene cinagwetsa nyumba zambiri, cinaonetsa kale kuti malowo sasunga madzi bwino. Ku George mipopi ya onse inamangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Japan, koma anthu aculuka kuposa mipopi.

Cotero mlendo wanzeru sayang'ana kukongola kwa khoma. Amayang'ana ngati cakudya cili cotentha, ngati miphika ili yovundikira, ngati madzi osamba ali othira, ndiponso ngati anthu a pamalopo amadyapo okha. Mai amene amadyetsa amisiri omwewo tsiku ndi tsiku sangayese kuwapatsa ndiwo za dzana, pakuti mmodzi akatsegula m'mimba komboni yonse imva dzuwa lisanalowe, ndipo malonda ake atha. A Khonsolo ya mzinda amafuna kuti ophika cakudya cogulitsa apimidwe ku cipatala ndi kukhala ndi cilolezo. Ena ali nazo, ena alibe, ndipo nthawi ya mliri amene amayamba kutsekeredwa ndi amai otere, ngakhale aja amene miphika yao ili yoyera kuposa ya m'mahotela.

TSIKU LA MAI WOPHIKA

Pamene mlendo anali kudya, maiyo anakhala pa kampando pafupi ndi mbaula nayamba kumfunsa za mvula ya kwao, za mtengo wa feteleza, ndi ngati nshawa zinabereka. Anthu a m'tauni ocokera kum'mawa sangaone munthu wa kumudzi osafunsa za munda, ngakhale atakhala zaka 30 osagwira khasu.

Tsiku lake limayamba nkhuku zisanatsike. Amakwera minibasi yoyamba kupita ku msika wa Soweto, kumene malole ndi timagalimoto ta alimi timatsitsa repu, kabichi, matimati ndi anyezi usiku wonse, ndipo wofika mocedwa amagula zofota pa mtengo wa zabwino. Pobwerako amagula malasha, amatunga madzi olipira pa cigubu ciliconse, ndipo pofika 12 koloko nsima yoyamba iyenera kukhala itapsa, cifukwa amisiri a zitsulo sadikira. Ambiri a iwo amadya pa nkhongole. Maina ao ali m'kabuku ka sukulu kopacikidwa pa msomali, ndipo amalipira akagulitsa geti kapena pakutha pa mwezi. Wina amathawa nayo nkhongoleyo nasamukira ku Chawama, ndipo palibe khoti limene maiyo angapiteko cifukwa ca mbale khumi za nsima.

Phindu lake ndi locepa, ndipo limadyedwa ndi zinthu zimene iye alibe nazo mphamvu. Mu February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda, madzi anatsika m'Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo mabanja a m'mayadi amene kale anali kuphikira pa sitovu anathamangira malasha. Unga unakwera, malasha anakwera, koma mmisiri wobwera kudzadya anali ndi ndalama zomwe zija. Wophika akakweza mtengo ogula amathawa, akacepetsa mtanda amadandaula. Cimene cimamuimiritsa ndi cilimba, gulu la amai anzake a pamsika amene amasonkha ndalama ndi kupatsana mmodzimmodzi mosinthana. Tsiku lake likafika amagula matumba a unga angapo nthawi imodzi, kapena amalipira sukulu ya kamtsikana kaja, kamene ndi mwana wa mng'ono wake womwalira.

Nchito imeneyi si yatsopano. Pamene Lusaka inakhala likulu mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone, atsamunda anaimanga monga mzinda wa Azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa monga wanchito wodzabwerera kwao, ndipo ambiri anali kugona pa malo a owalemba nchito. Ndico cifukwa cake makomboni ena ali ndi maina a Azungu ndi a makampani kufikira lero, monga John Laing, John Howard, Marrapodi ndi George. Chawama inali kuchedwa Roberts. Matero inamangidwa ndi Khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950. M'malo onsewa munali amuna ambiri opanda akazi ao, ocokera kum'mawa, ku Nyasaland ndi kwina, ndipo akazi amene anatha kulowa m'tauni anapeza kuti mphika wa nsima ndi mbiya ya mowa ndizo nchito zimene palibe akanawalanda.

Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mu mzinda. Mu 1963 Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 123,000, koma kalembera wa mu 2022 anapeza oposa 2 miliyoni. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 kuti anthu a ku Kalingalinga asamukireko, koma Kalingalinga siinathe. Lamulo la mu 1974 linavomereza makomboni otere kuti akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo eni nyumba anayamba kulandira zikalata zokhalira za zaka 30. George ndi Chawama zinakonzedwa ndi ndalama za World Bank m'zaka zotsatira, ndipo Kalingalinga inakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. M'zaka zonsezi munthu wofika kumene wakhala akuyambira pa benchi la mai wophika.

TELALA WA KU MALAWI

Atatha kudya ndi kusamba m'manja, mlendo anaturutsa kapepala kaja. Maiyo anakawerenga pa kuwala kwa mbaula napukusa mutu. Koma sanalekere pomwepo monga aja a pa mseu. Anafunsa ngati mkuluyo anali wamtali kapena wamfupi, anali kupemphera chalichi citi, ndi nchito imene anaidziwa pocoka kumudzi. Bamboyo anakumbukira kuti mkulu wake anaphunzira kusoka pa sitolo ya Mmwenye ali mnyamata, ndi kuti cala cake cimodzi ca kumanzere cinapindika cifukwa ca ngozi ya nkhwangwa.

Pamenepo mmodzi wa amuna anai aja, nkhalamba yogwira nchito ya ulonda pa malo a amisiri a zitsulo, anaika fupa pansi. Ananena kuti telala wa cala copindika amdziwa. Anali kusoka pa khonde la sitolo ina kufupi ndi msika kwa zaka zambiri, ndipo anthu onse anali kungomucha telala wa ku Malawi. Maso atayamba kufooka analephera kulowetsa ulusi m'singano, makina anagulitsa, lendi inamkanika, ndipo anthu a chalichi cake anamsamutsira ku George, kwa mai wina wamasiye wa mumpingo amene anali ndi kacipinda kopanda munthu. Mlondayo sanadziwe nambala ya nyumba, koma anadziwa dzina la chalichi ndi la mkulu wa mpingo wa kumeneko.

Mlendo anaimirira kuti anyamuke nthawi yomweyo. Maiyo anamkhazika pansi. George ili kumadzulo kwa mzinda, kupitirira Matero, ndipo kufikako kufuna minibasi ziwiri. Munthu wosadziwa njira, wonyamula cikwama, sayenera kukafunsa nyumba m'komboni usiku. Anapangana ndi mlonda kuti mlendo agone m'kanyumba ka ulonda, pafupi ndi mbaula, ndipo kamtsikana kanatenga foni yake kukaiika pa moto kwa mnansi.

Inatsala nkhani ya malipiro. Bamboyo anamasula mfundo ya kansalu naturutsa ndalama, ndipo m'kuwala kocepa anapereka za kwao. Maiko awiriwa onse amacha ndalama zao kwacha, Zambia kuyambira mu 1968 ndi Malawi kuyambira mu 1971, koma pa tebulo la ku Kalingalinga kwacha ya tambala sigula kanthu, ifunika ya ngwee. Amuna aja anaseka, ndipo mmodzi anapempha kuona pepalalo naliyang'ana mbali zonse ziwiri. Pamene mlendo anayamba kuwerenga za ku Zambia, zija zosungira ulendo wobwerera, maiyo anaona mmene zala zake zinali kucedwera pa pepala lililonse. Analoza kathumba kamene kanali pansi pa benchi nafunsa cimene cinalimo.

Atamasula, maiyo anatapa nshawa m'dzanja, naziyang'ana, nalawa imodzi. Zinali zazikulu, zouma bwino, zopanda cuku, zosiyana ndi zimene amagula pa Soweto zitapita m'manja mwa anthu atatu. Ananena kuti ndalama abweze m'kansalu, iye atapa mbale ziwiri. Mlendo anaumirira kuti atape zitatu, popeza wodwala sangathe kathumba konse, ndipo anakangana pang'ono mwaulemu kufikira maiyo analola.

M'mawa mwake 5 koloko isanakwane anakwera onse minibasi yoyamba, maiyo ndi madengu ake a ku Soweto, mlendo ndi cikwama cake. M'tauni anamkweza ya ku George, nauza kondakitala pamene ayenera kumtsitsa, nabwereza kawiri kuti ndi mlendo wa ku Malawi, asampitirize. Dzuwa lisanafike pamutu bamboyo anali atapeza chalichi, mkulu wa mpingo ndi kacipinda. Mkulu wake anali woonda ndipo sanamzindikire ndi maso, koma anamzindikira pamene anachula dzina la amai ao.

Panapita masiku atatu kuti wodwala apeze mphamvu ya ulendo ndi kutsazika a mumpingo. Pa tsiku lacinai abale awiriwo anakwera basi ya ku Chipata mbandakuca. Podutsa pa yunivesite wamng'ono analoza ku dzanja lamanja nauza mkulu wake za mai wa ku Petauke, koma kunja kunali kukali mdima ndipo telalayo sanaone kanthu. Anangofunsa ngati mlonda wa pa zitsulo akali moyo, pakuti anali naye nkhongole ya thalauzi limene sanatsirize kusoka.